Firiza Siipha Tizilombo: Mawu kwa Mamembala pa Chikondwerero cha Zaka 10

 

Anzanga amene ayamba aja anena za kumene tachokera, za ng'ombe zimene zachuluka m'makola ndi za misika imene tapeza. Ine andipatsa kagawo kakang'ono, kamene nthawi zambiri timakaiwala: chimachitika n'chiyani nyama ija ikachoka pa sikelo ya butchala n'kulowa m'nyumba mwanu? Mwina wina anena kuti za kukhitchini si za alimi. Ine ndikukana. Ng'ombe zambiri zimene timadya mu Blantyre muno zimachokera ku Chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi Nsanje. Mlimi amaiweta ng'ombeyo zaka zitatu kapena zinayi, kupita nayo ku dibi, kuibayitsa katemera, kuisakira msipu m'chilimwe. Ikafika pophera, a zaziweto amaiyeza n'kudinda chidindo. Ntchito yonseyo ikhoza kuwonongeka m'maola ochepa chabe, m'beseni limene lasiyidwa pa sinki kuno ku Chinyonga. Ndiye mwana akayamba kutsegula m'mimba usiku, kholo silinena kuti "ndinasungunula molakwika". Limati "nyama ya ku kopaletivi ija si yabwino". Dzina limene tamanga kwa zaka 10 limathera pamenepo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linatulutsa chiwerengero mu 2015 chosonyeza kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala chifukwa cha chakudya choipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mwa omwalirawo, 125,000 ndi ana osakwana zaka 5. Mu Africa muno odwala amapitirira 91 miliyoni pa chaka, omwalira 137,000. Si nyama yokha imene imachititsa zimenezi ayi, koma nyama ili m'gulu la zakudya zimene sizikhululuka munthu akazitayirira.

Chinthu chimodzi chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba ndi ichi: firiza siipha tizilombo toyambitsa matenda. Imangotigoneka tulo. Nyama ikaundana pa madigiri 18 pansi pa ziro, tizilomboti timaleka kuswana, koma tili moyo. Tsiku limene nyamayo yayamba kusungunuka, timadzuka n'kupitiriza pamene tinalekera. Ngati munaika mu firiza nyama imene yakhala tsiku lonse m'jumbo, kuchokera mu msika wa Limbe, kudutsa ku banki, kukaona wodwala, kenako pa minibasi dzuwa lili phwee, ndiye kuti mwasunga nyama pamodzi ndi tizilombo take tonse. Firiza imabweza chimene munaipatsa.

Tizilomboti timaswana bwino pakati pa madigiri 5 ndi madigiri 60. Taganizani, khitchini ya ku Chinyonga mu Okutobala, malata ali pamwamba, kutentha kumafika madigiri 30 mosavuta. Pa kutentha kotero tizilombo tina timawirikiza kawiri pa mphindi 20 zilizonse. Inu alimi masamu a kuswana mumawadziwa. Kamodzi kokha pa 7 koloko m'mawa, pamene mukutseka chitseko kupita ku ntchito, pofika 2 koloko masana kabala topitirira 2 miliyoni. Ndipo nyama siyamba ndi kamodzi. N'chifukwa chake akatswiri amati nyama yaiwisi kapena yophika isakhale pa mtetete kupitirira maola awiri, ndipo kukatentha kwambiri ola limodzi lakwana. Wina anena kuti, nanga nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julaye, si kumazizira? Kumazizira kwa inu amene mwavala juzi. Kwa tizilombo, madigiri 15 si kanthu, timangochedwerako pang'ono.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndikuona kuti ndiye pagona vuto m'nyumba zambiri. Disembala akayandikira timasonkherana, kugula ng'ombe, kupha, kugawana. Ndi chinthu chabwino, chisaleke. Koma taonani chimene chimachitika. Banja lalandira makilo 10 kapena 15, nyama ya mnofu, mafupa, chiwindi, nthumbwana, zonse m'thumba limodzi lalikulu. Anthu atopa, kwada, thumba lija amangoliponya mu firiza momwemo. Chimulu chachikulu chotero sichiundana msanga. Kunja kumauma gwa, koma pakati pakhoza kutha tsiku lonse kapena kuposa pasanaundane, ndipo zam'kati zija, zimene zimakhala ndi tizilombo tambiri kuposa mnofu, zagundana ndi china chilichonse. Pakapita masiku atatu amayi akufuna ndiwo za anthu 6. Atani? Atulutsa chimwala chonse chija, achisiya m'beseni mpaka chifewe, adulako kilo imodzi, chotsalacho abwezera mu firiza. Lachisanu chimodzimodzi. Pa Chaka Chatsopano chimodzimodzi. Nyama yomaliza kudyedwa mu Januwale yasungunuka kanayi kapena kasanu, ndipo ulendo uliwonse tizilombo tawonjezeka, n'kugonanso, n'kudzukanso.

Mankhwala ake ndi ola limodzi la ntchito pa tsiku logawana, ngakhale mutatopa bwanji. Dulani nyama m'magawo a mphika umodzi umodzi, theka la kilo kapena kilo, malinga ndi kukula kwa banja lanu. Gawo lililonse m'kathumba kake koyera, finyani mpweya utuluke, liphwathalitseni kuti likhale lopyapyala ngati buku, osati lobulungira ngati mpira. Lopyapyala limaundana msanga, limasungunukanso msanga. Zam'kati zitsukidwe padera, zikhale m'matumba a padera, ndipo zidyedwe poyamba. Lembani tsiku pa kathumba ndi maka. Musakhulupirire mutu, pofika Malichi matumba onse amafanana. Poika mu firiza musaunjike pamodzi, yalani kuti mphepo yozizira izungulire, mudzaunjike zikauma. Mu firiza imene sikuthimathima, mnofu umakhala miyezi ingapo uli bwino, koma nyama yogaya ndi zam'kati musadutsitse miyezi itatu kapena inayi. M'chipinda cha m'munsi cha firiji, mosaundana muja, mnofu ndi masiku atatu mpaka asanu, yogaya ndi zam'kati tsiku limodzi kapena awiri basi.

Ndati firiza imene sikuthimathima, ndipo ndaona ena mwaseka. Eya, tili ku Malawi. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje umodzi wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mukukumbukira Januwale 2022, namondwe Ana atawononga damu la Kapichira, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthima kwa magetsi kunakhala chakudya cha tsiku ndi tsiku kwa nthawi yoposa chaka. Mu Malichi 2023 kunabwera Freddy, amene anatilanda abale ku Chilobwe ndi m'mbali mwa phiri la Soche, ndipo madera ambiri anakhala mu mdima masiku angapo. Nthawi zina si namondwe n'komwe, ndi mayunitsi amene atha Loweruka usiku inu muli ku maliro kumudzi. Choncho malangizo a mabuku a kunja, amene amaganiza kuti firiza imalira usana ndi usiku chaka chonse, ife tiyenera kuwawerenga ndi diso lathu.

Magetsi akathima, chinthu choyamba ndi kusatsekula. Firiza yodzaza, yosatsekulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi masiku awiri. Ikakhala theka, tsiku limodzi. Firiji wamba, maola 4 okha. Ana amene amatsekula mphindi iliyonse kufuna madzi ozizira ndi amene amadya maola amenewa, ndiye madzi akumwa akhale kwina. Ngati firiza yanu ili ndi malo opanda kanthu, dzazani ndi mabotolo a madzi. Akaundana amagwira kuzizira ngati mwala wa pa moto umene umagwira kutentha. Magetsi akayaka, musangoti zikomo n'kukagona. Tsekulani, gwirani nyama. Ngati ikadali yolimba, kapena ili ndi timibulu ta madzi oundana mkati, ikhoza kuundananso popanda vuto, kungoti kukoma kumachepako. Ngati yafewa yense koma ikuzizirabe ngati yochokera mu firiji, iphikeni tsiku lomwelo. Ngati yafewa, yafunda, magazi ali thapsa pansi pa firiza, ndipo simukudziwa kuti yakhala choncho maola angati, imeneyo yapita. Ndikudziwa mtengo wa kilo ya nyama masiku ano, ndikudziwa kuti kutaya kumawawa. Koma yerekezani ndi mwana wogonekedwa ku Queens ali pa dripi, inu mukugona pa simenti.

Chovuta n'choti nthawi zina magetsi amathima inu kulibe, nyama n'kusungunuka, magetsi n'kuyakanso, nyama n'kuumanso. Mukabwera mupeza zonse zili gwa ngati palibe chachitika. Pali kanzeru kosalira ndalama. Thirani madzi theka m'botolo, litsekeni, ligonekeni chammbali mu firiza mpaka madziwo aundane, kenako liimikeni. Madzi oundanawo akhala atamatirira m'mbali mwa botolo. Tsiku limene mudzawapeze atatsikira pansi, dziwani kuti firiza inasungunuka inu muli kwina.

Ndipo musadalire mphuno. Tizilombo timene timanunkhitsa nyama si tomwe timadwalitsa anthu kwambiri. Salmonella ndi E. coli sizinunkha, sizisintha mtundu wa nyama, sizimveka pa lilime. Nyama ikhoza kuoneka bwinobwino koma ili ndi matenda, pamene ina yoderako mtundu chifukwa cha mphepo ya mu firiza ilibe vuto lililonse.

Nanga tisungunule bwanji? Njira yabwino koposa ndi yaulesi: usiku, chotsani kathumba kamodzi mu firiza, kaikeni m'mbale yakuya, mbaleyo pa shelefu ya pansi penipeni mu firiji. Pansi, chifukwa madzi a nyama akadontha asagwere pa mkaka, pa tomato kapena pa mkute wa ana. Mawa madzulo nyama yafewa ndipo sinafundepo. Chimulu cha makilo awiri chimafuna tsiku lathunthu, ndiye mukuona ubwino wa timatumba tating'ono tija. Ngati alendo akudzidzimutsani, ikani nyama m'thumba losadontha, imizeni m'madzi ozizira a pa mpopi, muzisintha madziwo pa mphindi 30 zilizonse. Theka la kilo limafewa pa ola limodzi, ndipo likafewa lipite pa moto nthawi yomweyo, lisabwererenso mu firiza lili laliwisi. Amene muli ndi microwave, chimodzimodzi: mukasungunula, phikani pompo, chifukwa m'mbali mumakhala mutayamba kale kufunda. Ndipo ambiri sadziwa kuti nyama yodulidwa kale ikhoza kulowa mu mphika ili youndana. Palibe choopsa, imangotenga nthawi yotalikirapo, mwina theka la nthawi ya masiku onse kuwonjezera, ndi makala ochulukirapo. Zimene sitiyenera kuchita ndi zimene timakonda: kuyanika pa dzuwa, kusiya pa sinki tsiku lonse, kuviika m'madzi ofunda n'kupita ku tchalitchi. Pakati pakadali mwala, koma kunja kwafika kale pa kutentha kumene tizilombo timakondwera.

Za kutsuka nyama tikhoza kukangana mpaka mawa, amayi ndikukuonani. Madzi sachotsa tizilombo pa nyama. Moto ndiwo umachotsa. Chimene madzi amachita ndi kuthovukira pa mbale, pa makapu, pa kabichi wa saladi amene ali pambali. Komabe ndikudziwa kuti nyama yodulidwa ndi chikwanje pa chipika imabwera ndi tizidutswa ta mafupa, ndipo palibe mayi amene angaiponye mu mphika choncho. Chabwino, tsukani, koma m'beseni lake, modekha, kutali ndi zakudya zina, madziwo mukataye kumene ana sasewerako, kenako beseni, mpeni, thabwa ndi manja zione sopo. Mpeni umene wadula nyama usapite ku tomato ndi anyezi wa kachumbali usanatsukidwe. Nyama ipsa pa moto, koma kachumbali sapita pa moto. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno mpaka sukulu za mu Blantyre zinachedwa kutsekulidwa mu Januwale 2023, unatiphunzitsa kuika ndowa ndi sopo pakhomo. Ndowa imeneyo isachoke, isamukire pafupi ndi pophikira.

Pa kaphikidwe, ife Amalawi tili ndi mwayi. Timakonda nyama yowira mpaka ifewe, ya msuzi, ndipo imeneyo ikabwata bwino tizilombo tafa, chifukwa timafa nyama ikafika madigiri 70 mpaka mkati. Vuto lili pa zinthu ziwiri. Choyamba kanyenya ndi nyama yootcha. Moto wa makala ukakhala waukali, kunja kumada msanga pamene mkati mukadali magazi, makamaka ngati nyamayo sinasungunuke bwino. Abambo, inu amene mumaima pa mbaula Loweruka, dulani chidutswa chokhuthala muone mkati. Madzi otuluka akhale oyera, osati ofiira. Ndipo nyama yopsa isabwerere m'mbale imene munatengeramo yaiwisi. Mu mnofu wa ng'ombe mumatha kukhala timatuza toyera ngati njere za mpunga, timene timasanduka njoka ya m'mimba yaitali mamita angapo mwa munthu. Ndi chimodzi mwa zinthu zimene woyeza nyama amafufuza akamacheka m'masaya, lilime ndi mtima wa ng'ombe. Yophedwa kuseri kwa nyumba palibe amene waiona.

Chachiwiri ndi nyama yogaya, imene ikuchuluka masiku ano chifukwa cha samusa, mabaga ndi masoseji. Pa nthuli ya mnofu tizilombo timakhala kunja, kumene moto umafika poyamba. Makina ogayira amatenga za kunja zija n'kuzisakaniza mpaka pakati. Ku America mu 1993 anthu oposa 700 anadwala ndipo ana anayi anamwalira atadya mabaga osapsa bwino okhala ndi E. coli, ndipo kuyambira pamenepo malamulo a nyama yogaya kumeneko anakhwima. Yogaya ipse mpaka pasatsale pofiira paliponse. Amayi amene mumapanga samusa ogulitsa pa sukulu ndi m'maofesi, nyama yanu yokazinga kale ija isagone pa tebulo kudikira mawa. Pafupi ndi ife, ku South Africa mu 2017 ndi 2018, matenda a listeriosis ochokera mu polony anagwira anthu oposa 1,000 n'kupha oposa 200, ambiri mwa iwo makanda. Kachilombo kameneko kamaswana ngakhale mu firiji mozizira. Ndiye amayi oyembekezera, soseji ndi polony muzizitenthetsa mpaka zitulutse nthunzi.

Mphika ukapsa nkhani sinathe. Pa ukwati, pa chinkhoswe, pa maliro, timaphika nyama m'mapoto akuluakulu, kenako poto amakhala pambali atavundikiridwa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kapena kugona mpaka mawa. Pali tizilombo tina timene timapirira kuwira, timabisala ngati mbewu youma, ndipo msuzi ukamazizira pang'onopang'ono timamera n'kuswana. Tina timasiya poizoni amene safa ngakhale mutatenthetsanso. Ndiye mukamva kuti anthu a pa mwambo wakutiwakuti onse anadwala m'mimba, musathamangire kuloza munthu chala kuti anathira mankhwala. Kawirikawiri wolakwa ndi poto. Ndiwo zotsala zigaweni m'mbale zing'onozing'ono zosaya kuti zizizire msanga, zilowe mu firiji maola awiri asanathe, zidyedwe pasanathe masiku atatu. Potenthetsa, zibwate ndithu, osati kungofunditsa, ndipo tenthetsani zokhazo zimene mudye.

Sindinaiwale kuti ambiri mwa mamembala athu firiza alibe, ena ngakhale magetsi. Inu musadzione otsalira. Amene amagula theka la kilo m'mawa n'kuphika nthawi yomweyo ali pabwino kuposa mwini firiza yothimathima. Mukalandira nyama yambiri, makolo anatisiyira njira: kuilenga mizere yopyapyala, kuthira mchere, kuiwamba pa moto mpaka iume, kuisunga pouma posafika ntchentche, ndipo podya muiphikenso. Ngati mumasungitsa kwa aneba kapena pa golosale, funsani kuti firizayo imazimitsidwa usiku kapena ayi, chifukwa ena amazimitsa populumutsa mayunitsi, ndipo mmene muli nyama yanu mulinso nsomba, nkhuku ndi mafirizesi a ana.

Mawu awiri kwa ife eni ng'ombe, chifukwa pali zinthu zimene firiza kapena mphika sizingakonze. Ng'ombe yofa yokha si ndiwo. Musaisende, musaigawe, musaigulitse motchipa. Itanani alangizi a ziweto. Matenda a anthrax anapha mvuu zambiri ku Liwonde chakumapeto kwa 2018, ndipo mu 2023 anavuta kwambiri kwa anansi athu ku Zambia, kumene anthu mazanamazana anadwala, ambiri atagwira kapena kudya nyama ya ziweto zofa zokha. Munthu amatenga matendawa ngakhale posenda chikopa, nyama isanafike n'komwe pa moto. Chinanso, ng'ombe imene mwaibaya mankhwala ili ndi masiku ake odikira isanaphedwe, olembedwa pa botolo. Werengani, kapena funsani alangizi. Mankhwala otsalira m'nyama sathawa chifukwa cha kuzizira, ndipo kuphika sikuwachotsa onse.

Zikachitika kuti wina m'nyumba wayamba kutsegula m'mimba ndi kusanza, yambani Thanzi ORS nthawi yomweyo, pang'onopang'ono koma pafupipafupi, ndipo woyamwa apitirize kuyamwa. Mukaona magazi m'chimbudzi, thupi latentha kwambiri, maso alowa, mkodzo wasiya kutuluka, kapena wodwalayo ndi khanda, mayi woyembekezera, nkhalamba kapena munthu amene chitetezo chake n'chochepa, musadikire kuche. Pitani ku chipatala, ndipo mukawauze adokotala zimene munadya ndi anthu ena amene anadya nawo.

Pomaliza, Wapampando, ndili ndi pempho kwa komiti. Kachipangizo koyezera kuzizira kwa firiza si kodula, mtengo wake sufika ngakhale pa mwendo umodzi wa ng'ombe. Tigule, kakhale mu firiza iliyonse imene kopaletivi imasungiramo nyama, ndipo pakhale kope limene wogulitsa azilembamo m'mawa ndi madzulo, pamodzi ndi maola amene magetsi anathima. Pa tsiku logawana nyama ya Khirisimasi chaka chino, tibwere ndi timatumba tokwanira ndi maka, kuti aliyense achoke pano nyama yake ili yogawa kale m'magawo a mphika umodzi. Nkhaniyi ndikupempha ilowe pa mndandanda wa msonkhano wa mwezi wamawa.